Kanema wapanja ndi kalabu yojambula zithunzi cha ku Bunda: tiyambe kugula chiyani?

Chikondi_Mitundu

Moni nonse akuluakulu. Ndife kagulu ka ophunzira a ku Bunda pamodzi ndi achinyamata a pa Mitundu. Tikufuna tizionetsa kanema waulere kamodzi pa mwezi, panja, kuti a m'midzi yozungulira azionera limodzi ndi a pakoleji. Tikuyembekeza anthu 150 kapena 200. Loweruka lomwelo masana tiziphunzitsana kujambula zithunzi. Ambiri ali ndi mafoni, kamera yeniyeni ilipo imodzi yokha. Ndalama zomwe tasonkha zikungokwana chinthu chimodzi chachikulu, ndipo anzathu ambiri akuti tigule pulojekita. Tigule yotani? Magetsi akathima kanema ali mkati tizitani? Nanga chilolezo chikufunika ngakhale sitikulipiritsa pakhomo?

Bambo_Mvula_Area25

Achemwali, pulojekita musagule kaye. Imeneyo ndi yobwereka: pakoleji zilipo, kumatchalitchi zilipo, ndipo mukuifuna maola atatu okha pa mwezi. Ndalama zanuzo ziyambe kupita ku masipika. Chithunzi chikakhala chozilala pang'ono anthu amapirira, koma mawu akangosiya kumveka akumbuyo amayamba kucheza zawo, kenaka bwalo lonse lasanduka msika. Panja palibe khoma lobweza mawu, ndiye kasipika ka Bluetooth kamene kamasokosa m'hositelo sikafika ngakhale mzere wachisanu. Pezani masipika awiri a mainchi 12 okhala ndi ampu yake m'kati, ndi kamikisa kakang'ono kolowa maiki imodzi. Muwaimike pambali pa chinsalu, m'mwamba kupitirira mitu ya anthu, ngati mamita awiri. Mukawasiya pansi ana akutsogolo amagontha, akumbuyo osamva kanthu.

Pobwereka pulojekita funsani zinthu ziwiri. Choyamba kuwala kwake: ikhale ya ma ANSI lumens 3,000 kapena kuposera apo. Tija totchipa ta m'mashopu tolembedwa manambala akuluakulu pa katoni popanda mawu oti ANSI, tisiyeni, n'toonera kuchipinda. Chachiwiri mtunda wake. Zambiri za m'makalasi zimafuna mita imodzi ndi theka pa mita iliyonse ya m'lifupi mwa chithunzi. Kwa anthu 200 chinsalu chikhale mamita 4 m'lifupi ndi 2.25 m'litali, ndiye kuti pulojekita ikhala pafupifupi mamita 6 kuchokera pachinsalu, pakati penipeni pa ana. Mangani chingwe mozungulira tebulolo ndipo pakhale munthu wolondera. Laputopu ikhale pa tebulo lomwelo, chifukwa chingwe cha HDMI, chotumiza chithunzi ku pulojekita, chikapitirira mamita 10 chithunzi chimayamba kuphethira. Chomwe chingatalike popanda vuto ndi chingwe cha mawu, bola chikhale cha XLR, chija cha mapini atatu ngati cha maiki.

Chinsalu: khoma la kalasi losalala lopakidwa laimu kawiri limaposa nsalu iliyonse, ndipo siliuluka. Ngati khoma palibe, gulani nsalu ya makatani ya blackout, telala ailumikize, apinde m'mphepete ndi kuika timphete tachitsulo ngati ta tenti pa masentimita 50 aliwonse. Nsalu yogonera ayi, kuwala kumadutsa n'kutayikira kuseri. Mitengo ya bulugamu iwiri, maenje akuya masentimita 60 kapena kuposa, wina wopingasa pamwamba, ndi zingwe ziwiriziwiri pa mtengo uliwonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Zingwezo musazipeputse. Mwera wa mu Julaye ndi Ogasiti ukawomba, nsalu ya mamita 4 imasanduka thanga la ngalawa, ndipo imagwera kumene kuli ana. M'munsi mwa chinsalu mukhale mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Chiyang'ane kumpoto kapena kumwera. Chikayang'ana kumadzulo chimawalitsidwa ndi kuwala kwa dzuwa lolowa ndipo muchedwa kuyamba.

Nthawi: kuno mu Juni dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, ndiye pofika 6 koloko mutha kuyamba. Mu Okutobala muzidikira mpaka cha m'ma hafu pasiti 6. Miyezi yanu ndi Meyi mpaka Okutobala; mvula ikayamba lowani m'holo, komanso ngumbi zimathamangira kuwala kwa pulojekita n'kutseka sefa ya mpweya.

Za magetsi, musadalire ESCOM yokha. Pulojekita ya babu imadya mawati pafupifupi 300, laputopu 65, masipika awiriwo 300 (zija za 1,000 zolembedwa pa sipika si zimene imadya), mababu a LED atatu ounikira njira 30. Zonse sizifika mawati 800, kotero jenereta ya 2 kVA yokhala ndi AVR (kachipangizo koletsa mphamvu ya magetsi kukwera ndi kutsika) ikukwana, ndipo petulo malita 5 atsalako. Iikeni mamita 25 kapena 30 kuseri kwa nyumba, panja, osati m'kalasi chifukwa utsi wake umapha. Chingwe chikhale cha 2.5mm ndipo muchitambasule chonse; chikakhala chokulungidwa pa gudumu chimatentha mpaka kusungunuka. Pakati pa jenereta ndi pulojekita ikani UPS, kabokosi ka batire komwe kamagwirizira magetsi akaduka. Chifukwa chake n'chakuti babu la pulojekita limatentha koopsa, ndipo mukazimitsa bwinobwino fani imapitiriza kuzungulira kuti ilizizitse. Magetsi akaduka mwadzidzidzi fani imaima, kutentha kumatsalira m'kati, ndipo mukaiyatsanso msanga babulo litha kuthera pomwepo. Poti ndi yobwereka, mlandu ndi wanu.

NaPhiri_wa_Zamalamulo

A Mvula afotokoza bwino zipangizo, ine ndiyankhe funso lomaliza. Inde, chilolezo chikufunika. Kusalipiritsa sikusintha kanthu: mukasonkhanitsa gulu pabwalo, kumeneko ndi kuonetsa poyera.

Pali makomo atatu osiyana, ndipo anthu amawasokoneza. Loyamba ndi mwini filimu. Pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016, iye ndiye ali ndi mphamvu yololeza kapena kukana. DVD yogula, akaunti ya Netflix, kapena filimu yokoperedwa pa fulashi kwa anyamata oika nyimbo pamsika, zonsezi sizikupatsani ufulu woonetsa pagulu. Apa mafilimu a kuno kwathu ndi osavuta: mwini wake mumupeza pafoni, kapena kudzera ku Film Association of Malawi, ndipo ena amalola mosavuta akamva kuti ndi zaulere, makamaka mukawaitana adzayankhe mafunso filimu ikatha. Chilolezocho chikhale cholembedwa, chotchula dzina la filimu, tsiku, malo, ndi kuti pakhomo n'paulere. Khomo lachiwiri ndi COSOMA, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira za eni nyimbo ndi zolemba kuyambira 1992. Nyimbo zomwe muziika podikira mdima zimagwera kwa iwo. Lachitatu ndi Censorship Board, yomwe imagwira ntchito pansi pa lamulo la 1968 loyang'anira zisangalalo. Iwo ndiwo amanena msinkhu woyenera kuonera filimu, ndipo amapereka zilolezo za zisangalalo za pagulu. Pitani kukadali milungu ingapo, muwauze ndondomeko ya chaka chonse, osati filimu imodziimodzi. Pabwalo simungabweze mwana pakhomo poti khomo palibe, choncho sankhani zoti aliyense angaonere, ndipo komiti iyambe yaonera filimu yonse mpaka kumapeto.

Makalata ena salembedwa m'malamulo koma mukawadumpha kanema sachitika. Mukagwade kwa amfumu, mudziwitse apolisi a pafupi ndi a chitetezo cha m'mudzi, ahedi ngati bwalo ndi la sukulu, komanso ofesi yoona za ophunzira kukoleji. Kukagwa maliro m'mudzimo, imitsani, osakambirananso.

Yamikani_Solar

Akulu a Mvula, pa jenereta ndikutsutsaniko pang'ono. Petulo amasowa, ndipo phokoso lake limamveka pamene filimu ili zii. Batire ndi yotheka bola kuwerengera. Ya 12V 200Ah imasunga mawati-ola 2,400, koma ngati ndi ya asidi kapena ya gel mugwiritse theka lokha kuti isafe msanga, 1,200, kenaka inveta idyapo zake, mutsala ndi pafupifupi 1,000. Pa katundu wa mawati 700 imeneyo ndi ola limodzi ndi theka losakwana. Ndiye mabatire akhale awiri odzaza, inveta ikhale ya pure sine ya 1.5 kVA. Ya modified sine imalowetsa kulira kwa zzz m'masipika.

Kulira komweko kumabweranso ndi chaja ya laputopu. Yesani: zulani chaja, kukasiya ndiye kuti vuto ndi limenelo. Mankhwala ake ndi DI box, kabokosi kodutsamo chingwe cha mawu, pakati pa laputopu ndi mikisa, kapena kuonetsa laputopu ili pa batire yake. Musadule waya wa earth pa pulagi, ena amatero, koma pabwalo la mame ndi ana osavala nsapato n'kusewera ndi moyo.

China chimene chimachititsa manyazi: mukangolumikiza HDMI, Windows imatumiza mawu ku kasipika ka m'pulojekita, masipika akuluwo ali duu. Sinthani pa chizindikiro cha mawu anthu asanabwere. Filimu ikhale pa laputopu penipeni, osati pa intaneti kapena pa fulashi, ndipo muzitsegula ndi pulogalamu yoonetsera mavidiyo ya VLC. Milomo ikamatsogola kapena kutsalira mawu, mabatani a J ndi K amakonza. G ndi H ndi a mawu olembedwa pansi aja. Zimitsani WhatsApp ya pa laputopu, mauthenga anu angawerengedwe ndi mudzi wonse.

Mayi_Gondwe_Studio

Mbali ya zithunzi isakhale yongopachika. Ilumikizeni ndi kanemayo: zithunzi 20 zabwino za masana muzizionetsa pachinsalu mphindi 10 filimu isanayambe, chilichonse ndi dzina la wojambula. Anthu akaona msika wawo ndi nkhope zodziwika pa nsalu ya mamita 4, mwezi wotsatira safunanso kuitanidwa.

Gulu lophunzira lisapitirire 12, ndipo poyenda mugawikane atatuatatu. Khamu lonyamula mafoni likalowa mumsika ogulitsa amakwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Tsiku lililonse phunziro limodzi ndi mutu umodzi, monga manja a anthu pantchito, kapena njinga za kabaza. Munthu aliyense abweretse zithunzi zitatu zokha. Kusankha zitatu mwa makumi asanu n'kumene kumaphunzitsa.

Mwati masana, koma dzuwa la 12 koloko ndi mdani. Limaika mdima m'maso ndi pansi pa chibwano, ndipo foni ikaona thambo lowala kapena khoma loyera imachepetsa kuwala, nkhope ya munthu wakuda n'kutsala bii. Yambani 3 koloko ndi zokambirana, mutuluke 4 koloko. Pa foni dinani pankhope, kenaka kwezani kadzuwa kaja pang'ono. Munthu aime pamthunzi wa khonde atayang'ana kunja, wina agwire katoni yomatidwa pepala loyera chapansi kuti ibweze kuwala kunkhope. Pukutani galasi la foni nthawi zonse musanajambule, zithunzi zambiri zachifunga ndi mafuta a zala chabe. Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, yendani.

Kamera yanuyo isungireni usiku. Flash ayi, imasokoneza oonera ndi kufafaniza chinsalu. Imani pambali chakutsogolo, mujambule nkhope zowalitsidwa ndi kanemayo: lenzi ya 50mm pa f/1.8, ISO 3200, liwiro la shutter 1/60 ya sekondi, ndipo mudikire pamene chithunzi cha filimu chawala. Mukajambula chinsalu chenichenicho ndi liwiro lopitirira pamenepo, mapulojekita a mtundu wotchedwa DLP amatulutsa mizere yamitundumitundu.

Pemphani musanajambule, ndipo munene poyera kuti chithunzi chikaonetsedwa pagulu usiku womwewo kapena pa Facebook, chifukwa kulola kujambulidwa si kulola kuonetsedwa. Wa mwana apemphedwe kholo. Wokana, mufufute iye akuona. Tsiku limene mudzapite m'tauni, malo ngati Kamuzu Barracks, Kamuzu Palace ndi bwalo la ndege ku Lumbadzi musalozeko kamera.

Potsukitsa: A4 yooneka bwino imafuna mapikiselo 2480 kwa 3508, kakang'ono ka 6 kwa 4 kamafuna 1800 kwa 1200. WhatsApp imafinya zithunzi, ndiye muzitumizirana ngati document. Tsukitsani chimodzi choyesera kaye, chifukwa papepala chithunzi chimatuluka chakuda kuposa pafoni. Zopachika zikhale pachingwe ndi mapegisi pakhonde lamthunzi, dzuwa limazifufutsa msanga. Ndipo tsukitsani kang'ono kowonjezera mukapatse mwini nkhope.

Chikondi_Mitundu

Zikomo kwambiri nonse, tagwirizana zoyamba ndi masipika. Katsala kamodzi: filimu ikakhala ya Chingerezi, agogo ndi ana azitsatira bwanji? Komanso tisankhe Loweruka liti pa mwezi?

Bambo_Mvula_Area25

Mawu olembedwa pansi musawadalire. Pa chinsalu cha mamita 2.25 amawerengeka mpaka mamita 13 kapena 14 basi, ndipo si onse amawerenga msanga. Womasulira wolankhula pamwamba pa filimu ngati m'mavidiyo sho amasangalatsa, koma amaphimba mawu ndipo mwini filimu sangakondwe. Njira yabwinopo: munthu amene waionera kale afotokoze pa maiki mphindi ziwiri poyamba, muimitse kawiri kapena katatu pamene nkhani ikusintha, afotokozenso mwachidule. Filimu isapitirire ola limodzi ndi theka, kuti pofika hafu pasiti 8 anthu ali panjira.

Tsiku, tengani Loweruka loyandikira mwezi wathunthu. Chithunzi chizilala pang'ono, koma pulojekita ya 3,000 ipirira, ndipo amayi ndi ana oyenda makilomita awiri kapena atatu abwerera kowala. Muonenso kalenda ya mayeso kukoleji. Sabata imeneyo onyamula mitengo ndi masipika simuwapeza.