Thirakitala kapena piki pa munda wa gulu ku Lirangwe

Wapampando: Abale, nkhani ya munda wa gulu ija. Mwini thirakitala akuti abwere mvula ikagwa kawiri, poti dothi likafewa mafuta sapita ambiri. Tivomere?

Msungichuma: Ine ndavomera. Aganyu akudula masiku ano.

Nangozo (Ndirande): Pepani a Wapampando, ine ndikukana. Kumunsi kwa munda uja ndi makande. Matayala akaponda makande onyowa, timipata todutsa madzi ndi mpweya timatsekeka, dothi likauma limangoti gwa. Pamwamba mudzaona dothi lotembenuzika bwino, koma pansi mwaononga. Tengani dothi mulikulunge m'manja. Likamatalika ngati chingwe osaduka, musalowetsemo chilichonse cholemera.

Msungichuma: Koma achemwali, makolo athu alima pomwepo ndi khasu kuyambira kale.

Nangozo: Vuto lake ndi lomwelo, achimwene. Khasu limalekeza pamodzimodzi chaka ndi chaka, ife n'kumapondanso m'makwawa popalira ndi pobandira. Pansi pa mizere papangika dothi lolimba. Mukazula phesi la chimanga muone mizu, yapinda n'kumayenda cham'mbali. N'chifukwa chake mvula ikadula sabata ziwiri chimanga chimafota msanga, ikachuluka madzi amangothamanga pamwamba. Mwaiwala mmene namondwe wa Freddy anakokololera mizere mu Malichi 2023?

Malume (Joni): Mphwanga akunena zoona. Bungwe la Tiyeni ku Mzuzu limaphunzitsa kuswa dothi lolimbalo ndi piki mpaka masentimita 30, kenako kupanga mabedi aakulu oti munthu asamapondepo. Amaikapo manyowa n'kuphimbira ndi mapesi.

Msungichuma: Piki ekala yonse? Adzagwire ndani, ife tili m'tauni?

Nangozo: Ndi ntchito yowawa, sindikubisa, koma simuibwereza chaka chilichonse. Ndipo ndi ya chilimwe, dothi likauma limasweka bwino. Chaka chino tachedwa kale. Tidzale nandolo pakati pa chimanga, muzu wake umaboola pansi. Ndalama ya thirakitala tisunge, tidzalipire achinyamata a kumudzi mu Julayi.

Mayi a mvano (Chilomoni): Komanso tisatenthe mapesi. Ana osaka mbewa aja auzidwe kudzera kwa amfumu.

Wapampando: Zamveka. Loweruka tikakumane pamunda 8 koloko, ndiitananso alangizi. Tikakumbe dzenje kumtunda ndi kumunsi tione tokha. A Msungichuma, mwini thirakitala musamupatse kaye kalikonse.

Msungichuma: Chabwino, koma piki ndibweretsa ndine, a Nangozo ayambe kukumba.

Nangozo: Bweretsani awiri.