Chakudya cha m'sitima chingawayanje mayi anga? Ndithandizeni chonde

Membala wobisa dzina: Moni nonse a pagulu. Dzina ndabisa chifukwa alamu anga ali pompano, ndipo sachedwa kutumiza nkhani kwa amuna awo. Mwezi wamawa ndikuperekeza mayi kwa achimwene kuti akaone mdzukulu amene wabadwa kumene. Achimwenewo anatumiza ndalama ya ndege ya munthu mmodzi yekha, osaganiza kuti mayi a zaka 71 sangayende okha. Ndege mayi akana, basi inawatupitsa miyendo chaka chatha, ndiye tagwirizana za sitima. Tebulo langa la pamsika wa Mbare Musika kuno ku Harare ndilisiya ndi mwana wa achemwali, yemwe tsiku lina anakongoza tomato kwa anthu osawadziwa n'komwe, pomwe lendi ikundidikira. Mutu wanga wazungulira. Funso langa n'lakuti chakudya cha m'bogi yodyeramo chimakhala bwanji? Mayi sadya chisawawa. Tidalire chimenecho kapena ndiphike kamba?

Agogo aPhiri, Rugare: Mwanawe, wafunsa poyenera. Bambo anga anachoka ku Dedza n'kudzagwira ntchito yoperekera zakudya m'sitima ya Bulawayo, n'chifukwa chake ife tinakulira m'nyumba za a njanji kuno ku Rugare. Jekete loyera lositidwa bwino, nsalu yoyera patebulo, belu likalira anthu n'kumalowa. Ankayamba ndi supu, kenako nsomba, kenako nyama, pomaliza zotsekemera ndi tiyi. Sitima ikugwedezeka koma supu osatayika ngakhale dontho. Ana a lero simunaone kanthu!

Nabanda wa ku Mufakose: Agogo, sitima zonyamula anthu za NRZ, kampani ya njanji ya kuno ku Zimbabwe, zinaima 2020 nthawi ya Covid. Achemwali, mukunena sitima iti? Mukupita kuti?

Mayi a Amina, Mabvuku: Mukati sadya chisawawa mukutanthauza za halaal? Ngati ndi choncho itanitsani nsomba, musavutike ndi nyama yoti simudziwa anazinga ndani.

Mphunzitsi wa ku Highfield: Agogo aPhiri, nenani zonse. Nthawi ya atsamunda makolo athu ankaphika ndi kuperekera m'bogi imeneyo, koma kukhala pansi n'kudyeramo ayi. Agogo anga ankakwera kalasi yotsikitsitsa, pabenchi, atanyamula mbatata yophika m'kansalu. Supu mukunenayo ankadya ndani?

Agogo aPhiri, Rugare: Aphunzitsi, musandiphunzitse za bambo anga. Ndikunena za LUSO la ntchito, osati ndale. Ufulu utabwera mu 1980 ine ndemwe ndinakhala patebulo lija n'kudya, bambo akundiperekera misozi ili m'maso. Inu munali kuti?

Membala wobisa dzina: Pepani, ndinaiwala kutchula. Achimwene ali ku Dar es Salaam. Tikwera basi pasiteshoni ya Roadport kudzera pa Chirundu mpaka Lusaka, kenako Kapiri Mposhi, n'kukakwera TAZARA, sitima ya pakati pa Zambia ndi Tanzania. Alamu ngati mukuwerenga, ndalama yotsalayo ndabwereka, musadandaule.

Wa geni ya Kariakoo: Eya, tsopano zamveka. Njira imeneyo ndimaidziwa, ndimakaoda nsalu kumsika wa Kariakoo ku Dar. Kuchoka pa New Kapiri Mposhi kufika Dar ndi makilomita 1,860, mumagona m'sitima usiku uwiri. Chakudya n'chathu chomwe: nsima, ku Tanzania amati ugali, mpunga kapena tchipisi, ndiwo yake nkhuku, ng'ombe kapena nsomba, ndi timasamba pambali. M'mawa tiyi, buledi ndi mazira. Amaphikira momwemo, chimabwera chotentha. Mukagula malo ogona, woperekera amadutsa m'zipinda kulemba zomwe mukufuna n'kukubweretserani, ndiye mayi sangavutike kuyenda m'mabogi sitima ikugwedezeka. Chofunika kwambiri: mbali ya Zambia mumalipira makwacha, mukawoloka pa Nakonde kulowa Tunduma mumalipira mashilingi. Madola athu a kuno musawadalire. Ndipo funsani kaye kusiteshoni tsiku lomwe sitima yowoloka malire ikunyamuka musanagule tikiti ya basi.

Bambo a Tadala, Epworth: Ine za chakudya cha m'sitima musandiuze. Sitima ina kumwera uko inatifera patchire, dzuwa lili pamutu. Kukhitchini kunatha zonse, mpaka madzi akumwa. Mayi wina anatigawira mtedza wokazinga, tonse m'chipinda timadya tikuwerenga njere. Mwana wanga analira mpaka mawu anatha. Kuchokera pamenepo sindikwera chilichonse popanda buledi ndi chigubu cha madzi.

Mnyamata wa pa Copacabana: Amayi nditengeni ine ndikhale wolawa chakudya, malipiro anga ndi mwendo wa nkhuku basi.

Agogo aPhiri, Rugare: Tchipisi m'bogi yodyeramo! Bambo anga akanakhala moyo akanapukusa mutu. Njanji imeneyo anamanga ndi Matchaina, inatha 1975, cholinga chake chinali kutulutsa kopa wa Zambia osadzera kuno ku Rhodesia wa Ian Smith. Inali makamaka ya katundu. Zodyetsa anthu mwaulemu zinali kuno kwathu.

Wa geni ya Kariakoo: Agogo, munakwerapo? Nsima ya nsomba yokazinga mukudya mukuyang'ana mapiri a Mbeya pawindo, inu mukufuna supu wa chiyani?

Nachisale, Dzivarasekwa: Koma achemwali, ine chandikhudza ndi china. Mayi okalamba kuwayendetsa Harare, Lusaka, Kapiri, kenako masiku awiri m'sitima, pomwe mwana wawo wamwamuna ali ndi ndalama? Bwanji iyeyo osabwera ndi khandalo kuno? Ana aamuna timawalekerera kwambiri. Kwathunso n'chimodzimodzi, maliro a bambo ndinayendetsa ndekha.

Namwino wa ku Tafara: Funso la Mayi a Amina silinayankhidwe. Sadya chisawawa chifukwa chiyani? Akudwala?

Membala wobisa dzina: Ali ndi matenda a shuga, amabaya insulin m'mawa ndi madzulo. Ndimayesa si nkhani yofunika pagulu.

Namwino wa ku Tafara: Mayo ine, nkhani yake ndi imeneyitu! Vuto lalikulu ndi nthawi yodyera, kukoma kusiyeni kaye. Asabaye jakisoni chakudya chisanafike pamaso pawo, chifukwa akabaya mbale n'kuchedwa shuga amatsika. Mukaona akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, kapena akuyankhula zosokonekera, apatseni msanga maswiti kapena madzi a shuga, kenako adye chakudya chenicheni. Maswitiwo akhale m'thumba lanu, osati pansi pa chikwama. Insulin asakhale padzuwa la pawindo. Tengani wokwanira masiku oposa a ulendo, kamakina koyezera, ndi kalata ya kuchipatala yoonetsa pamalire. Pitani nawo kukliniki musananyamuke.

Mayi a Amina, Mabvuku: Onjezani mtedza, chiponde, buledi wabulauni ndi fulasiki. Tiyi muwauze asathiriretu shuga. Nkhuku yophika kunyumba idyedwe tsiku loyamba, kukatentha imasasa.

Agogo aPhiri, Rugare: Shuga ameneyu wabwera ndi tchipisi zomwezi. Kale kunalibe. Amwe madzi a masamba a nimu, aiwale za jakisoni.

Namwino wa ku Tafara: Agogo, ndi ulemu wonse, ayi. Munthu wa insulin akasiya kubaya akhoza kukomoka. Achemwali, zimenezo musamvere.

Wa geni ya Kariakoo: Pamasiteshoni azimayi amagulitsa nthochi ndi chimanga chophika pawindo, sungani ndalama zing'onozing'ono. Juzinso mutenge, cha ku Mbeya ndi Makambako usiku kumazizira. Chipinda chogona amapatula amuna ndi akazi, ndiye inu ndi mayi mukhala limodzi. Pemphani bedi lapansi.

Membala wobisa dzina: Zikomo anamwino, Lolemba tipita kukliniki. Nanga makwachawo ndikasinthe pa Chirundu kapena ndidikire ku Lusaka?

Agogo aPhiri, Rugare: Aphunzitsi aja athawira kuti? Sanandiyankhe kuti 1980 anali kuti.