Ndayatsa feature gate pa Kubernetes ya alpha koma palibe chikusintha

Anzanga mundithandize chonde, ndakhala pa zimenezi kuyambira dzulo usiku. Ndaika Kubernetes (pulogalamu yoyendetsa ma container pa ma seva) ya alpha, version yoyesera yomwe sinamalizidwe, pa seva yongoyesera, si ya kuntchito ayi, ndimangofuna kuona zinthu zatsopano zija zimabwera zili zozimitsa. Ndikudziwa kuti za alpha siziyaka zokha umayenera kuziyatsa ndi --feature-gates, ndiye ndinatsegula kube-apiserver.yaml mu /etc/kubernetes/manifests nkulembamo dzina la gate (switch yoyatsira feature) ndi =true, kubelet (yomwe imayendetsa ma container pa seva) inadzutsanso pod, kagulu ka ma container, ya kube-apiserver bwinobwino koma chomwe ndikufunacho sichikuoneka olo pang'ono, ma log ali zii.

Kodi gate yomweyo ndiyenera kuiyatsanso pa kubelet, scheduler ndi controller-manager kapena zimatengera feature yake? Komanso ikakhala ndi API ya v1alpha1 ndiye kuti ndionjezere --runtime-config padera eti?

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi etcd, database yomwe Kubernetes imasungamo zonse za cluster. Poti za alpha atha kuzisintha kapena kuzichotseratu osachenjeza, tsiku lodzakweza version zomwe ndasungamo zidzatani? Inu amene munayesapo, mumayamba mwatenga snapshot (kope la zomwe zili mu etcd) kapena mumangogwetsa cluster yonse nkuyambiranso?