Ma T cell amadziwa bwanji kachilombo komwe sanakumanepo nako?

chidwi_chokha:
Moni nonse. Pali chinthu chikundizunguza mutu pa nkhani ya chitetezo cha mthupi, amene munaphunzira zimenezi mundithandizeko. Akuti T cell iliyonse, awa ndi ena mwa maselo oyera a m'magazi otiteteza ku matenda, ili ndi chogwirira chake chotchedwa receptor chomwe chimagwira chinthu chimodzi basi, chabwino ndamva, koma nanga kukabwera kachilombo katsopano ngati ka Covid kaja koti palibe munthu anali atadwalapo, T cell yoti ikazindikire imachokera kuti? Thupi limachita kupanga likakaona kapena imakhala ilipo kale? Ndipo ngati ilipo kale yongolota, chimailetsa nchani kulimbana ndi chiwindi changa chomwe?

wa_mu_labu:
Imakhala ilipo kale amwene, thupi silidikira kuti mdani abwere kaye ayi. Maselo amene adzakhale ma T cell amayambira mu mafuta a m'mafupa kenako amayenda ndi magazi kupita ku thymus, kachiwalo kakang'ono kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa chakumtunda kwa mtima. Akafika kumeneko selo lililonse limadula DNA yake pamalo a receptor nkulumikiza tizidutswa totchedwa V, D ndi J mwachisawawa, odulawo ndi mapuloteni awiri RAG1 ndi RAG2, ndipo polumikizirapo pamatha kuchoka kapena kuonjezeka tizilembo tingapo ta DNA, nde mapeto ake lililonse limatuluka ndi receptor yakeyake. Ndi mamiliyoni ambirimbiri osiyanasiyana moti kaya kabwere kachilombo kotani pamapezeka ndithu ochepa oti akugwirizana nako, amenewo ndi omwe amaswana nkuchuluka.

Za chiwindi chanucho, thymus ili ngati sukulu ya mayeso awiri yomwe pafupifupi kalasi yonse imalakwa. Oyamba amalembera chakunja kwake ku cortex, selo lionetse kuti receptor yake ikutha kugwira MHC ya thupi lomwelo, likakanika palibe olisamala limangofa. Nthawi imeneyi limakhala lili ndi mapuloteni a pamwamba pake otchedwa CD4 ndi CD8 onse awiri, likakhoza mpamene limatsala ndi imodzi. Achiwiri ndi amkati ku medulla, uku tsopano olakwa ndi amene agwira zinthu za thupi mwamphamvu kwambiri. Chimene chimandisangalatsa ine ndi jini ina yotchedwa AIRE, imachititsa maselo a mu thymus kupanga mapuloteni a ziwalo zina ngati insulin amene kwawo nku kapamba (pancreas), kuti T cell iyesedwe nawo isanatuluke. Pa maselo 100 aliwonse oposa 90 amafera momwemo. Ndipo taganizani, mpaka 1961 kachiwalo kameneka ankakaona ngati kopanda ntchito, Jacques Miller ndi amene anakachotsa mu mbewa zongobadwa kumene nkuona kuti chitetezo chake chagweratu.

mlongo_wanu_nesi:
Achimwene mwatchula MHC osaifotokoza, chonsecho nkhani yagona pomwepo. T cell siiona kachilombo kathunthu kakuyandama m'magazi, imeneyo ndi ntchito ya ma antibody. Iyo imaona kachidutswa kakang'ono ka puloteni kataikidwa pamwamba pa selo lina, ndipo choikirapocho ndi MHC, mwa anthu timati HLA, majini ake ali pa chromosome 6.

Selo lililonse lokhala ndi nucleus limakhalira kuphwanya mapuloteni ake akale nkumatulutsa tizidutswa ta ma amino acid (tinjerwa tomangira puloteni) 8 mpaka 10 pa MHC class I, tsiku ndi tsiku, kaya lili bwino kaya likudwala. Likalowedwa ndi vayirasi tizidutswa ta vayirasiyo timatulukira nawo pompo osafuna, T cell ya CD8 ikadutsa nkugwirapo basi imathira mapuloteni otchedwa perforin ndi granzyme selo lija lidziphe lokha. Class II ndi ya maselo ochepa achitetezo, ma dendritic cell, macrophage ndi ma B cell, iwowa amameza zinthu za kunja nkuonetsa tizidutswa totalikirapo kwa T cell ya CD4. Ndiye receptor ija imagwira ziwiri pakamodzi, kachidutswako ndi MHC yakeyo. Anatulukira zimenezi ndi Rolf Zinkernagel ndi Peter Doherty ku Canberra ku Australia mu 1974, anaona kuti T cell ya mbewa yodwala ikupha maselo a vayirasi pokhapokha ngati MHC ya maselowo ikufanana ndi yake, Nobel analandira mu 1996.

China, kugwira kokha sikokwanira kwa T cell yomwe siinamenyepo nkhondo. Dendritic cell imanyamula kachidutswa kaja kuchoka pa bala kupita ku lymph node, paja pamatupa tikamati mwanabele, ndipo iyenera kuperekanso chizindikiro chachiwiri, puloteni yake B7 igwirane ndi puloteni CD28 ya T cell. Popanda chimenecho T cell imangozizira osachita kanthu. Kufufuzana kumeneku ndi kuswana kumatenga masiku, nchifukwa chake matenda achilendo amayamba akugwetsani kaye pamene achiwiri ake thupi limakhala lili ndi ma memory cell okonzeka kale.

chidwi_chokha:
Eee asisi ndiye mwanditsegula m'maso. Nde CD4 amayeza kwa anthu a HIV ija ndi yomweyi eti? Komanso ndinamvapo kuti thymus imatha munthu akakula, ndiye akuluakulu ma T cell amawatenga kuti?

mlongo_wanu_nesi:
Ndi yomweyo. HIV imagwira pa CD4 penipenipo ndi puloteni yake gp120, nkugwiranso puloteni ina ya pa selopo, CCR5 kapena CXCR4, kuti ilowe, ndiye ikupha maselo omwe amadzutsa ma B cell, ma macrophage ngakhale ma CD8 omwe. Munthu wabwinobwino amakhala nawo pakati pa 500 ndi 1,500 mu kadontho ka magazi ka cubic millimetre imodzi, akatsika pansi pa 200 mpamene matenda ongopezerapo mwayi amalowa. Thymus siitheratu koma imafota kwambiri makamaka munthu akatha msinkhu, malo ake mumadzaza mafuta. Akuluakulu amadalira kwambiri omwe anapangidwa kale aja, amakhalitsa ndipo amagawikana okha pang'onopang'ono.

sindivomera_msanga:
Ine ndingotsutsako pang'ono pa sukulu ya a wa_mu_labu ija, mwaikometsa kwambiri akulu. Mayeso achiwiri aja amadutsa ena osayenera, tonsefe tili nawo ma T cell oti atha kugwira za thupi lathu lomwe, kupanda apo bwenzi kulibe shuga ya type 1 pomwe maselo opanga insulin amaphedwa ndi asilikali a thupi lomwelo. Chimene chimatipulumutsa ambirife ndi chizindikiro chachiwiri chija komanso ma regulatory T cell, gulu la CD4 lomwe ntchito yake nkutontholetsa anzawo, Shimon Sakaguchi analionetsa mu 1995 ndipo jini yake yaikulu ndi FOXP3. Ena mwa iwo ndi omwe aja anagwira za thupi mwamphamvuko mu thymus koma mmalo mophedwa anapatsidwa ntchito imeneyi. Mwana wobadwa FOXP3 itaonongeka amadwala matenda otchedwa IPEX, matumbo, khungu ndi kapamba zimaukiridwa akadali khanda ngakhale thymus yake ilipo.