Ndingasinthe bwanji zida za Nexperia popanda kujambulanso bolodi?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimapanga timabolodi towongolera kuchaja kwa batire la sola, ndipo pamakhala 74HC595 (kachipu kowonjezera mizere yotulutsira ma siginecha) ndi BSS138 (katransista kogwira ntchito ngati swichi) za kampani ya Nexperia. Chiyambire boma la Netherlands kulowerera pa kampaniyi mu 2025, poti mwini wake ndi Wingtech ya ku China, China nayo inayamba yaletsa kutumiza kunja zida za Nexperia zomalizidwira m'dziko lawo. Tsopano ndikuopa kudalira kampani imodzi.

SN74HC595 ya Texas Instruments miyendo yake ndi yofanana ndi ya 74HC595 ya Nexperia, iyo sikundidetsa nkhawa. Pomwe mutu waima ndi pa BSS138. Za makampani a onsemi ndi Diodes nazo ndi SOT-23 (kaumbidwe komweko ka miyendo itatu), koma ine ndimaiyatsa ndi 3.3V yokha kuchokera ku STM32 (kachipu kolamulira bolodi). Alipo amene anaisinthapo nkuona ngati ikutseguka mokwanira osatentha? Nanga mumagula ku sitolo iti ya pa intaneti, Mouser, DigiKey kapena LCSC, poganizira ndalama yotumizira kuno ku Blantyre ndi kusowa kwa madolaku?

Chonde, zoti wolakwa ndi America, China kapena Adatchi tisayambenso, mwatukwanizana kale mokwanira. Ine ndikufuna nambala ya chida ndi komwe chikupezeka.