GeneXpert ikukana makhololo, tithandizane

Wa labu, kuchigwa cha Bwanje: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. GeneXpert yathu, makina oyezera TB m'makhololo, yayamba kuvuta, ikungotulutsa error (nambala yosonyeza vuto) 2008, nthawi zina 5007. Makatiriji, timabokosi tothiramo makhololo tolowetsa m'makinamo, akuwonongeka pomwe atsala ochepa. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti odwala ena amachokera kutali, ndiye kuwatumizira uthenga kuti aperekenso makhololo n'kuwazunza. Ndiitane okonza makina?

Wa labu, Dedza: Achimwene, musathamangire okonza. Ikuchitika pa module (malo olowetsamo katiriji) imodzi kapena onse? Ikakhala imodzi yokhayokha, pamenepo mukayikire makina. Ikamadumphadumpha, yang'anani makhololowo. 2008 imabwera kapampu kakakanika kukankha madzi m'katiriji, kawirikawiri chifukwa makhololo ndi onanda kapena zinyenyeswa zatseka sefa.

Wa labu, kuchigwa cha Bwanje: Ikudumphadumpha. Ndipo ambiri ndi obwera pa njinga yamoto kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono.

Mkulu wa labu wopuma ntchito, Ntcheu: Mwana wanga, tandiuzeni mmene mukusakanizira. SR, mankhwala osungunulira makhololo aja, ikhale magawo awiri, makhololo gawo limodzi. Khutchumulani mwamphamvu, dikirani mphindi 10, khutchumulaninso, dikirani zina 5. Zikakwana 15 musathire msanga, nyamulani kabotolo mukapendeketse pa kuwala. Mukaona ulusi wa mamina ukukokeka kapena timibulu tikuyandama, sanasungunuke, apatseni mphindi zina 5 mpaka 10. Ambiri amaopa kuti achedwa, komatu zosakanizazo zimatha kudikira mpaka maola 4. Pokoka ndi pipeti fikani pamzere wa 2 ml, ndipo musakokere thovu. 5007 yanuyo nthawi zambiri imachokera pamenepo, madzi kuchepa kapena kukhala olimba.

Namwino wa TB, Lizulu: Bambo anena zoona, koma ine ndiloze kwathu kuno kotolera. Odwala ambiri amapereka makhololo atangodya. Mumatsegula kabotolo n'kupeza timasamba ta ndiwo, nyenyeswa za mtedza, ena fodya wa m'kamwa. Ife timawapatsa kaye madzi achukuche m'kamwa, kenako apite panja pamphepo, apume mozama kangapo, akhosomole kuchokera pansi pa chifuwa, osati kulavula malovu. Azaumoyo athu a m'midzi tikawafotokozera bwino zimenezi, mabotolo amabwera oyera. Achimwene, kambiranani ndi otolerawo, labu payokha siingathane nazo.

Wa labu, kuchigwa cha Bwanje: Achemwali, mwalasa. Zinyenyeswazo ndimaziona ndithu. Nanga kutenthaku? Kuno Okutobala chipinda chimakhala ngati uvuni wa njerwa.

Wa labu, Dedza: Ife kuno kuphiri kuzizira kumatithandiza, inu kuchigwa samalani. Makinawa safuna chipinda chopitirira madigiri 30, makatiriji asungidwe pakati pa 2 ndi 28. Pachikani thermometer pakhoma pafupi ndi makina. Tsukani sefa ya fani kumbuyoko, fumbi la nyengo ino limaitseka msanga, ndipo makinawo asagunde khoma. Ngati AC yoziziritsa chipinda palibe, yezani m'mamawa. Makhololo osasakaniza amapirira masiku atatu okha kunja kwa firiji, choncho a njinga azinyamula m'bokosi lozizira. Magetsi akamavuta musayambe kuyeza ngati batire silingagwire maola awiri.

Kiliniko, Ntcheu: Ndilowerereko za wodwala amene akudikira. Ngati ali ndi HIV ndipo wadwalika kapena CD4 (chitetezo cha m'thupi) yatsika, muyezeni mkodzo ndi LAM, kachipangizo kofufuzira TB mumkodzo, pamphindi 25 yankho latuluka. Ikasonyeza TB ayambe mankhwala. Ikapanda kusonyeza sindiye kuti alibe, ndiponso LAM siuza ngati kachilombo ka TB kakukana mankhwala a rifampicin. Makhololo abwerezedwebe pa GeneXpert.

Mkulu wa labu wopuma ntchito, Ntcheu: Komanso muzilemba error iliyonse m'kaundula: tsiku, module, kumene kabotolo kachokera. Okonza akadzabwera mudzakhala ndi chowaonetsa, ndipo inunso mudzaona chipatala chimene chikufunika kuchiyendera.

Wa labu, kuchigwa cha Bwanje: Zikomo nonse. Lero ndadikira mpaka asungunuke bwinobwino, onse a m'mawa adutsa kupatula kabotolo kamodzi kamene kanali ndi zinyenyeswa. Sefa ndatsuka, inali bii ndi fumbi. Achemwali a ku Lizulu, nditumizireni mawu amene mumawauza odwala aja, ndikawerengere azaumoyo pamsonkhano wa Lachisanu.