Mnzako akamachedwa dala pa tebulo la snooker, umatani?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimasewera snooker m'ligi yaing'ono kuno ku Leicester, ku England, ndipo Lachiwiri lapitali ndinakumana ndi bambo wina amene anandisowetsa mtendere. Mpira wofiira uli pakamwa penipeni pa bowo, iye amazungulira tebulo kawiri, kupaka choko pa ndodo, kuwerama, kudzukanso. Ikafika nthawi yanga, amaima kutsogolo kwanga n'kumaseweretsa makiyi m'thumba. Manja anga anazizira, mtima unatentha, ndipo ndinaluza gemu yomwe ndinali patsogolo ndi mapointi 40.

Ndikudziwa kuti kusewera modekha si mlandu. Ambiri timakumbukira za mu 2005 pa mpikisano wa snooker wa dziko lonse mu holo ya Crucible, mumzinda wa Sheffield, pamene Peter Ebdon anatha mphindi zoposa 5 kuti apeze mapointi 12 okha polimbana ndi Ronnie O'Sullivan, mpaka anapambana ndi magemu 13-11 atatsalira 8-2. Mpaka lero anthu amatsutsanabe ngati unali ukatswiri kapena kusokoneza mnzake. Koma kumeneko kumakhala oyimbira, ndipo malamulo amawalola kuchenjeza wotaya nthawi, akapitiriza n'kupereka gemuyo kwa mnzake. Kwathuku amene amawerenga mapointi ndi wosewera mnzathu, yemwe amaopa kuyambitsa mkangano.

Ndiye ndichite bwanji? Ndimuuze pomwepo mwaulemu kuti achoke pamaso panga, kapena ndidikire masewero athe ndikauze kapiteni wa timu yawo? Sindikufuna kuoneka ngati wolira chifukwa choluza. Ndipo inu amene mwasewera zaka zambiri, mumatani pampando paja kuti maganizo asabalalike mnzanu akamachedwa? Tikumananso ndi timu yomweyi mwezi wamawa.